Mmene mungathandizire mwana wanu wachinyamata kuti chikhulupiriro chikhale chakechake

Mwana wa zaka 7 amakhulupirira kuti Mulungu aliko chifukwa amayi ake anamuuza choncho, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma akafika zaka 14 kapena 15, mwana yemweyo amayamba kuyesa chilichonse chimene analandira ali wamng'ono: malamulo a pakhomo, maganizo a bambo ake, ngakhale za Mulungu zomwe. Amene ankathamangira kutchalitchi tsopano amadzuka mochita kukokedwa. Pa mapemphero a pabanja amangoti duu. Mukamufunsa zimene abusa alalikira, yankho lake limakhala "kaya".

Makolo ambiri akaona zimenezi amaganiza kuti mwana walowerera. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri chimene chachitika n'chakuti chikhulupiriro chimene anabwereka kwa inu sichikumukwaniranso, ndipo akufunika chakechake. Anthu a ku Samariya anayamba kukhulupirira Yesu chifukwa cha mawu a mayi uja wa pachitsime, koma Yesu atakhala nawo masiku awiri anauza mayiyo kuti sakukhulupiriranso chifukwa cha zonena zake, popeza adzimvera okha (Yohane 4:39-42). Mwana wanu akufunika kufika pamenepo. Simungamufikitsepo mokakamiza, ndiponso simungakhulupirire m'malo mwake. Chimene mungathe ndi kukhala munthu amene mwanayo akhoza kumamasuka naye pa zaka zonse zimene akufufuzazi, ndipo malangizo onse ali m'munsiwa atsamira pamenepo.

Choyamba: dziyang'aneni nokha musanayang'ane mwana

Pa Deuteronomo 6:6-7 zinthu zinaikidwa m'dongosolo lake. Mawu a Mulungu ayambe akhala pamtima panu, kenako muziwaphunzitsa ana anu mukakhala pansi m'nyumba, mukamayenda m'njira, pogona ndi podzuka. Ambirife timathamangira vesi 7, vesi 6 n'kuidumpha.

Timakonda kuganiza kuti wachinyamata amaumbidwa ndi anzake ndi foni basi, makolo mphamvu zinatithera. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Christian Smith, anatsogolera kafukufuku wamkulu ku America amene anafunsa achinyamata oposa 3,000 a zaka 13 mpaka 17 za chipembedzo chawo. Zotsatira zake zitatuluka mu 2005, zinaonetsa kuti palibe amene amaposa makolo pa nkhaniyi. Achinyamata ambiri amatengera chipembedzo cha makolo awo, n'kutengeranso kutentha kapena kuzizira kwake.

Ndiye kwa sabata imodzi musamuuze kanthu mwanayo. Ingoonani zimene iye akuona. Mukamachokera kutchalitchi mumakamba zotani za mlaliki ndi akhristu anzanu? Munthu amene anakukongozani ndalama akabwera, mumatuma mwana kuti akanene kuti mwachokapo? Mukayambana ndi amuna anu kapena akazi anu, nkhani imatha bwanji? Anakuonanipo mukuwerenga Baibulo tsiku losakhala Lamlungu? Wachinyamata sachedwa kukhululukira kholo lofooka. Chimene chimamuvuta kumeza ndi kholo la nkhope ziwiri, lofatsa kutchalitchi koma loopsa pakhomo.

Mukapeza pamene munamulakwira, mupepeseni, ndipo kupepesako kukhale kopanda mchira. "Mwana wanga, dzulo ndinakukalipira pamaso pa anzako. Ndinalakwitsa, undikhululukire." Mukangowonjezera kuti "koma nawenso unandiputa dala", mwafafaniza zonse. Makolo ena amaopa kuti kupepesa mwana kuwatsitsa. Ine ndimaona kuti mwana amene sanamvepo bambo ake akunena kuti "ndalakwa" amavutika kumvetsa kulapa kumene amamva kukulalikidwa paguwa.

Chachiwiri: konzani ubale wanu ndi iye

Vern Bengtson wa ku University of Southern California anatsatira mabanja oposa 300 kwa zaka zoposa 30, kuyambira cha m'ma 1970, kuti aone mmene chipembedzo chimayendera kuchoka kwa agogo kufika kwa ana ndi zidzukulu. Anapeza kuti kudzipereka kwa makolo pa zauzimu sikukwanira pakokha. Makolo opemphera kwambiri koma ouma mtima, otalikirana ndi ana awo, kawirikawiri ankalephera kuwapatsira chikhulupiriro. Chimene chinkathandiza kwambiri chinali chikondi choonekera, makamaka cha bambo. Paulo anali atanena kale zimenezi: musakwiyitse ana anu, koma muwalere m'maleredwe ndi chilangizo cha Ambuye (Aefeso 6:4), ndipo kwa Akolose anawonjezera chifukwa chake, kuti angataye mtima (Akolose 3:21).

Yesani izi. Tsiku limodzi mvetserani mawu onse amene mukuuza mwana wanu kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mwina mupeza kuti pafupifupi onse ndi kumutuma, kumufunsa za sukulu, kapena kumudzudzula. Ngati zili choncho, musadabwe kuti mukayamba kukamba za Mulungu iye amazimva ngati chidzudzulo china.

Patulani nthawi sabata iliyonse yokhala ndi mwana ameneyu yekha, osati ana onse pamodzi, ndipo pa nthawi imeneyo kumukonza kulekeni. Musamukhazike pampando n'kumuyang'ana m'maso kuti "tiye tikambirane", chifukwa kwa wachinyamata kumeneko n'kuzengedwa mlandu. Amamasuka mukamayenda limodzi, mukamatsuka mbale, mukamakonza chinthu chimene chawonongeka, maso a aliyense ali pa ntchito. Ndipo amakonda kuyamba nkhani pa nthawi yolakwika, inu mutatopa, mukufuna kukagona. Akatero khalani pansi. Mwayi wotere subwera pa nthawi imene mwaukonzera.

Akayamba kulankhula, gwirani mawu a Yakobo 1:19, kufulumira kumva ndi kudekha polankhula. Musamudule ndi vesi. Ndipo zimene wakuuzani zikhale pakati panu. Pali chizolowezi choipa chotenga chinsinsi cha mwana n'kukachipereka ku gulu la mapemphero ngati chopempherera. Akadzamva nkhani yake kwa mwana wa mnzanu wa kutchalitchi, sadzakuuzaninso kanthu, ndipo adzakhala ndi chifukwa chomveka.

Dziwaninso chimene chikuchitika m'thupi mwake. Mbali ya kutsogolo ya ubongo, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira zotsatira za zochita zake, imapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25, pamene mbali zokhudza chisangalalo, mkwiyo ndi kufuna kuyamikiridwa ndi anzake zimakhala zitayamba kale kugwira ntchito mwamphamvu. N'chifukwa chake mnyamata wotalika ngati bambo ake amatha kulankhula zanzeru m'mawa, madzulo n'kuchita zachibwana. Si kupsa mtima kulikonse kumene kuli kupandukira Mulungu.

Chachitatu: sinthani kachitidwe ka mapemphero a pabanja

Mapemphero amene ankayenda bwino ana ali aang'ono sangayende chimodzimodzi pano. Yambani ndi nthawi yake. Mwana akatha msinkhu thupi lake limayamba kumva tulo mochedwa kusiyana ndi kale, pomwe madokotala amati wa msinkhu umenewu amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Kumudzutsa mbandakucha kuti adzamve ulaliki wa ola lathunthu n'kulimbana ndi thupi lake, ndipo mudzagonja ndinu. Ngakhale Paulo anagonetsapo wachinyamata. Utiko anasinza ali pawindo ulaliki utatalika mpaka pakati pa usiku, n'kugwa kuchokera pa nsanja yachitatu (Machitidwe 20:7-12), ndipo sitiwerenga kuti Paulo anamukalipira.

Mphindi 10 kapena 15 n'zokwanira, pa nthawi imene mwagwirizana nonse. M'malo motola vesi apa ndi apo, sankhani buku limodzi n'kuliwerenga lonse pang'onopang'ono. Uthenga wa Maliko ndi poyambira pabwino chifukwa uli ndi mitu 16 yokha ndipo nkhani zake zimathamanga. Mukawerenga ndime, funsani mafunso amene alibe yankho loloweza: chakudabwitsa n'chiyani pamenepa? Pali chimene sukuchimvetsa, kapena chimene sichikukusangalatsa? Tikuona chiyani za Yesu? Inu muziyankha pomalizira. Mukayamba ndinu, mwana amangoti "ndi zomwezo".

Muzisinthana kutsogolera. Tsiku lake likafika mulekeni asankhe nyimbo, awerenge, apemphere mmene angathere, ngakhale pempherolo litakhala la mawu khumi. Musalikonze.

Koma inuyo pemphero lanu lisasanduke ulaliki wobisa. Mawu ngati akuti "Ambuye, mukhudze mitima ya ena m'nyumba muno amene asiya kumvera makolo" sapita kumwamba, amapita kwa mwana amene wagwada pambali panu, ndipo iye amadziwa. Ngati pali chomudzudzula, mudzudzuleni maso ali otsegula. Popemphera, mulekeni amve inu mukupempha za nkhawa zanu zenizeni, za ntchito, za matenda, za kupsa mtima kwanu.

Chinanso, mupezereni Baibulo lakelake la mawu amene amawamva bwino, ndipo musamubisire masamba ovuta. Ku Sande sukulu nkhani ya Davide imathera pa Goliati. Wa zaka 15 akuyenera kuwerenganso za Davide ndi Batiseba, za Amnoni ndi Tamara (2 Samueli 11 ndi 13), za Yobu, ndi buku la Mlaliki. Akapanda kuziwerenga ndi inu adzazimva kwa munthu wonyoza Baibulo, n'kuganiza kuti munkamunamiza.

Chachinayi: landirani mafunso ovuta

Apa ndi pamene makolo ambiri opemphera amaphonya. Mwana akafunsa kuti "Amayi, tikudziwa bwanji kuti Mulungu alikodi?" kapena "Ngati Mulungu ndi wachikondi, bwanji mnzanga uja anamwalira chikhalirecho tinamupempherera?", mantha amatigwira, ndipo mantha amatuluka ngati ukali. "Wayamba liti zimenezi? Akukuphunzitsa ndani?" Mwana amaphunzirapo chinthu chimodzi, chakuti funso lotere salifunsa pakhomo pano. Funsolo silifa ayi. Amapita nalo kwina, kwa anzake kapena pa intaneti, kumene kuli anthu okonzeka kuyankha.

Baibulo lenilenilo siliopa mafunso. Yesu ali ndi zaka 12, makolo ake anamupeza m'Kachisi atakhala pakati pa aphunzitsi, akumvetsera ndi kuwafunsa mafunso (Luka 2:46). Habakuku anayamba buku lake pofunsa Mulungu kuti adzafuula mpaka liti osayankhidwa. Asafu anavomera pa Salimo 73 kuti anangotsala pang'ono kuterereka poona oipa zikuwayendera. Salimo 88 limatha mumdima, popanda mawu achitonthozo, koma linalowabe m'buku la nyimbo za anthu a Mulungu. Yohane Mbatizi ali m'ndende anatuma ophunzira ake kukafunsa ngati Yesu analidi wakudzayo, ndipo Yesu atawayankha ananena kuti mwa obadwa mwa akazi sanaoneke wamkulu woposa Yohane (Mateyu 11:2-11). Tomasi anakana kukhulupirira za kuuka, komabe patapita masiku asanu ndi atatu anali adakali m'nyumba limodzi ndi anzake (Yohane 20:24-29). Sanamuthamangitse. Yuda 22 amangoti tiwachitire chifundo amene akukayika.

Funso likabwera, chitani motere. Poyamba gwirani nkhope yanu, chifukwa mwana amawerenga nkhope musanatsegule pakamwa. Kenako muuzeni kuti wachita bwino kufunsa inu. Musanayankhe, funsani: "Unayamba liti kuganiza zimenezi? Chinachitika n'chiyani?" Mafunso amenewa akuthandizani kudziwa kumene funso lachokera, poti mafunso a achinyamata sachokera kumodzi.

Ena amachokera m'mutu. Mwana waphunzira za chiyambi cha zamoyo kusukulu, kapena waonera munthu pa YouTube akunena kuti Baibulo limadzitsutsa. Ameneyu akufuna yankho lenileni, ndipo "ingokhulupirira" si yankho. Ngati simukudziwa, nenani kuti "sindikudziwa, tiye tifufuze", kenako mufufuzedi, ndi abusa, ndi mabuku, ndi mkhristu amene anaphunzira sayansi. Muuzeninso kuti anthu ozama pa sayansi akhala akukhulupirira Mulungu. Amene anaonetsa mu 1927 kuti chilengedwe chonse chikufutukuka, ganizo limene linadzabala chiphunzitso cha Big Bang chofotokoza mmene chilengedwe chinayambira, anali wansembe wa ku Belgium, Georges Lemaître. Gregor Mendel, amene anatulukira malamulo a mmene ana amatengera makhalidwe a thupi kwa makolo, analinso wansembe. Zimenezi sizitsimikizira kuti Mulungu aliko, ndipo musamuuze kuti zikutsimikizira. Zimangochotsa bodza lakuti munthu ayenera kusankha pakati pa kuganiza ndi kukhulupirira.

Ena amachokera mumtima wopwetekedwa. Mwana amene akufunsa chifukwa chake Mulungu amalola mavuto, patangopita mwezi agogo ake atamwalira kapena makolo ake atapatukana, sakufuna phunziro la zaumulungu. Akufuna kulira pamaso pa munthu amene sangamuuze kuti "mkhristu salira choncho". Khalani naye. Mayankho adzabwera tsiku lina.

Ena amachokera ku chikumbumtima. Wachinyamata amene wachita chinthu chimene akuchita nacho manyazi nthawi zina amayamba kunena kuti za Mulungu n'zabodza, chifukwa kutero n'kopepuka kusiyana ndi kuulula. Musamuloze chala ndi zimenezi, chifukwa mukhoza kukhala kuti mwalakwitsa. Ingoonetsetsani kuti akudziwa kuti palibe chimene angakuuzeni chimene chingamuchotse kukhala mwana wanu.

Ndipo muuzeni za inu. Ngati munakayikapo, ngati pali pemphero limene munapemphera kwa zaka osaona yankho, mufotokozereni, ndi chimene chinakusungani. Bambo uja wa pa Maliko 9:24, amene anabweretsa mwana wake wodwala kwa Yesu, anati akukhulupirira, koma Yesu athandize kusakhulupirira kwake. Mwana wanu akufunika kudziwa kuti pemphero lotere limaloledwa.

Chachisanu: kambani za thupi, zibwenzi ndi foni nkhani isanavute

Makolo ambiri nkhani ya kugonana amaikamba kamodzi, mwaukali, zinthu zitawonongeka kale. Yambani msanga ndipo muzikamba pafupipafupi, pang'onopang'ono, m'mawu omveka. Ngati zonse zimene mwana amva kwa inu ndi "ukadzatenga mimba usadzabwere pano", ndiye kuti mwamuphunzitsa kubisa, osati kudzisunga. Mufotokozereni chifukwa chimene Mulungu anaikira kugonana m'banja, kuti thupi ndi labwino ndipo ndi kachisi wa Mzimu Woyera (1 Akorinto 6:19), kuti kukopeka ndi mnyamata kapena mtsikana si tchimo, ndiponso kuti palibe munthu, kaya mphunzitsi, wachibale kapena mtsogoleri wa mpingo, amene ali ndi ufulu wogwira thupi lake. Anyamata muwauze zomwezo zimene mukuuza atsikana. Yosefe anachotsedwa kwawo ali ndi zaka 17, ndipo pamene mkazi wa Potifara ankamunyengerera panalibe kholo lomuyang'anira. Chimene chinamugwira chinali funso la mumtima mwake, lakuti angachimwire bwanji Mulungu (Genesis 39:9). Inunso simudzakhalapo pa nthawi ya yesero, choncho kulondera kokha sikungakwanire.

Za foni, ikani malamulo ochepa amene inunso muziwatsatira. Pa nthawi ya chakudya pasakhale foni, ndipo usiku mafoni onse azigona kunja kwa zipinda zogona, yanu yomwe. Facebook, Instagram ndi TikTok m'malamulo awo salola mwana wosakwana zaka 13 kukhala ndi akaunti, ndiye musamuthandize kunama zaka. Ngati muziona zimene zili m'foni mwake, muuzirenitu, osachita mozemba. Mukadzapeza kuti wakhala akuonera zolaula, musayambe ndi kukuwa. Ana ambiri amazipeza asanazifune. Mufunseni kuti anayamba liti ndipo akumva bwanji, mugwirizane zotchinga, mupemphere naye, ndipo pakapita masabata angapo mufunsenso.

Chachisanu ndi chimodzi: musalere nokha

Ikafika nthawi imene mawu anu akungolowera khutu ili n'kutulukira linali, mawu omwewo akanenedwa ndi munthu wina wamkulu amamveka. Musachite nsanje, thokozani. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Timoteo anaphunzira malembo kuyambira ukhanda kwa amayi ake a Yunike, ndipo chikhulupiriro chinayambira mwa agogo ake a Loisi (2 Timoteo 1:5, 3:15). Za bambo ake timangomva kuti anali Mgiriki (Machitidwe 16:1). Kenako kunabwera Paulo amene ankamutcha mwana wake. Mayi amene mukulera nokha, kapena amene amuna anu sapemphera, nkhani imeneyi ndi yanu.

Ganizirani anthu awiri kapena atatu okhwima m'chikhulupiriro amene mwana wanu amawakonda kale, n'kuwapempha kuti azimufunsa za moyo wake. Koma maso akhale otsegula. Munthu wamkulu amene amafuna kukhala ndi mwana wanu awiriwiri kotsekeka, kumutumizira mauthenga usiku, kapena kumuuza kuti "izi usakauze amayi ako", muchotseni pafupi ndi mwanayo, udindo wake mumpingo ukhale waukulu bwanji. Mwana akakuuzani kuti wina wamuchita zachipongwe, mukhulupirireni, mupite naye kuchipatala ndipo mukanene kupolisi. Nkhani yotere si yothera m'bwalo la mpingo.

Mupezereninso ntchito yeniyeni mumpingo, osati kungokhala pabenchi. Aimbe kwaya, aphunzitse ana aang'ono, aziyendetsa zokuzira mawu, apite nanu kukaona odwala. Mfumu Yosiya inayamba kufunafuna Mulungu ili ndi zaka 16 (2 Mbiri 34:1-3). Wachinyamata amene akudziwa kuti akajomba pali chimene chiima, amadzuka yekha.

Chachisanu ndi chiwiri: akanena kuti sakufunanso kupita kutchalitchi

Malamulo pakhomo ayenera kukhalapo. Eli anaweruzidwa chifukwa ankadziwa zoipa za ana ake koma sanawaletse (1 Samueli 3:13). Komabe akhale ochepa, ofotokozedwa chifukwa chake, ndipo azimasuka mwana akamakula. Wa zaka 18 sangayendere malamulo a wa zaka 13. Ndipo zinthu za Mulungu musazisandutse chilango. Mwana amene analangidwa ndi kukopera mitu ya Miyambo kapena kugwada n'kupemphera ola lonse, akadzakula adzaliona Baibulo ngati chikwapu.

Tsiku limene adzanene kuti "sindipita", musayambe ndi "m'nyumba mwanga muno". Funsani chifukwa. Mwina anzake a m'gulu la achinyamata akumusala. Mwina mtsogoleri wina anamuchititsa manyazi pagulu. Mwina sakumva chilichonse chimene chikulalikidwa. Mwina waona chinyengo cha munthu amene aliyense amamulemekeza, ndipo akunena zoona. Zifukwa zimenezi zili ndi mankhwala osiyana, ndipo zambiri mwa izo si zokana Mulungu.

Maganizo anga ndi awa, ngakhale akhristu ena amaona mosiyana. Mwana wa zaka 13 mpaka 15 apitebe ndi banja, monga mmene amapitira kusukulu ngakhale tsiku limene sakufuna. Mukhoza kumuuza kuti, "Sindingakukakamize kukhulupirira, zimenezo ndi za iwe ndi Mulungu. Koma banja lino Lamlungu limapita kutchalitchi, ndipo iwe ndiwe wa banja lino." Akamayandikira zaka 17 kapena 18, kukambirana kuchuluke kuposa kulamula. Ngati akufuna kupita ku mapemphero a nthawi ina, kapena ku mpingo wina umene umaphunzitsa za Khristu moona, ganizirani bwino musanakane, chifukwa mwana wopemphera kwina ndi wosiyana kwambiri ndi mwana wosapemphera konse. Chimene simuyenera kukakamiza pa msinkhu uliwonse ndi ubatizo, kulowa m'gulu la akhristu odya mgonero, kapena kuima kutsogolo n'kunena kuti walandira Yesu. Akachita zimenezi pofuna kukusangalatsani kapena kukuchotserani manyazi kwa anzanu, mwamuphunzitsa kunama pamaso pa Mulungu.

Yang'ananinso ngati kusafuna tchalitchi kwabwera limodzi ndi zina: kusiya kudya kapena kugona, kudzipatula kwa anzake onse, kutsika kwa maphunziro, kudzicheka, kapena kulankhula zofuna kufa. Zikatero vuto likhoza kukhala matenda a maganizo, osati kuzirala kwauzimu. Mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha, chifukwa kufunsa sikumuika ganizolo m'mutu. Mupempherereni, ndipo mupite naye kwa dokotala kapena mlangizi wophunzira ntchitoyi msanga.

Nanga ngati mwachita zonsezi koma mwana n'kuchokabe? Makolo ambiri amadzizunza ndi Miyambo 22:6, yonena za kuphunzitsa mwana poyamba njira yake. Mwambi umanena mmene zinthu zimayendera kawirikawiri, si pangano losainirana. Samueli anali mneneri wokhulupirika koma ana ake, Yoweli ndi Abiya, ankalandira ziphuphu (1 Samueli 8:1-3). Hezekiya wolungama anabereka Manase, ndipo Amoni woipa anabereka Yosiya. Mwana ali ndi mtima wake.

Monica, mayi ake a Augustine amene anadzakhala bishopu ndi mphunzitsi wotchuka wa mpingo, anadutsa njira imeneyi. Mwana wake anabereka mwana kunja kwa ukwati asanakwanitse zaka 20, analowa chipembedzo cha Amanikeo n'kukhalamo zaka pafupifupi 9, ndipo mu 383 anawanamiza amayi akewo n'kukwera chombo kupita ku Rome. Pa nthawi imene anangolowa kumene chipembedzocho, Monica anamukaniza kulowa m'nyumba, koma kenako anasintha maganizo n'kumulandiranso. Atapempha bishopu wina kuti akatsutsane ndi mwanayo, bishopuyo anakana, nati sanafike pomva, amuleke ndi kumamupempherera. Augustine anabatizidwa ndi bishopu Ambrose ku Milan pa Pasaka wa mu 387 ali ndi zaka 32, ndipo Monica anamwalira chaka chomwecho. Si nkhani zonse zimene zimatha chonchi, koma chimene Monica anachita mukhoza kuchichita: kusadula ubale, kuchepetsa mikangano, ndi kupemphera osaleka, monga Yobu ankachitira popereka nsembe m'malo mwa ana ake nthawi zonse (Yobu 1:5). Mwana wosapemphera azidyabe nanu, muzimuimbirabe foni, ndipo kucheza kulikonse kusamathere pa funso lakuti abwerera liti kutchalitchi.

Chachisanu ndi chitatu: mukonzekeretseni kuchoka pakhomo

Chaka chomaliza asanapite ku koleji kapena kukayamba ntchito kutali, yambani kumusiyira zinthu. Lekani kumudzutsa Lamlungu, adzuke yekha. Ndalama zimene amapeza aziganiza yekha zopereka. Kambiranani mmene angadziwire mpingo wabwino: kodi amawerenga Baibulo ndime yonse kapena amangotola mawu, kodi mtsogoleri amalola kufunsidwa, kodi nkhani ya ndalama ndi zozizwitsa ndi imene yadzaza ulaliki, kodi amauza anthu kuti asiye mankhwala a kuchipatala kapena adane ndi abale awo. Magulu osocheretsa amakonda achinyamata amene angofika kumene pamalo achilendo ndipo alibe anzawo.

Asananyamuke, fufuzani limodzi mipingo iwiri kapena itatu ya kumene akupitako, ndipo ngati mukudziwako mkhristu wodalirika mupatseni nambala yake. Kusankha mumusiyire iye. Akakhazikika, pomuimbira foni musayambe ndi "wapita kutchalitchi?" Mufunseni za anzake atsopano, za maphunziro, za chimene chikumuvuta, ndipo pomaliza mufunse kuti sabata imeneyo mumupempherere chiyani.